Foni yalodza ana, atero akuluakulu maso ali pafoni

Mlandu uwu tauzenga kale paliponse. Tauzenga m'minibasi ya ku Area 25 itatsekeredwa pamzere wa magalimoto, tauzenga pamjigo ku Mtandire, ku saluni ku Kawale, pachigayo, ngakhale pasiwa usiku a kwaya atapumira kaye. Woimbidwa mlandu ndi mmodzi yemweyo, foni, ndipo akuti yasokoneza mitu ya ana athu. Mboni zachuluka kuposa anthu a mu Lilongwe muno, poti ena amaikira umboni mbali zonse ziwiri, m'mawa uku madzulo uko. Chigamulo chokha ndicho chikuchedwa. Woweruza aliyense akafika pakati pa mfundo, m'thumba mwake mumalira kanthu, iye n'kukweza chala: "Pepani, ndingoyankha kaye aka."

Oyamba kuyankhula nthawi zonse ndi aja amati mwana sangadwale maganizo. Funso lawo ndi limodzi, ndipo amalifunsa mokweza kuti ndi a mpando wakumbuyo omwe amve: mwana wa zaka 16 angaganize chiyani? Ufa sagula, lendi salipira, mtengo wa thumba la makala saudziwa. Kwa iwowa matendawa dzina lake ndi kukhuta, ndipo mankhwala ake ali ndi mpini. "Mupatseni khasu akalime mizere 20, tione ngati madzulo atsale ndi mphamvu zodandaulira." Minibasi yonse imaseka, nafenso timaseka, chifukwa kachoonadi kalimo: thupi lotopa silivuta tulo. Koma bwanji nanga bambo yemweyo akafika kunyumba nkhope itagwa, osafuna kuyankhulitsidwa, nsima n'kungoigwiragwira, tonse timayenda monyang'ama n'kumanong'onezana kuti BP yakwera? Nkhawa ya wamkulu ili ndi dzina laulemu la zilembo ziwiri, ili ndi makina ake oyezera kuchipatala. Ya mwana imatchedwa mwano, ulesi, kapena kutengera kuchimayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo powerengapo silidapatule maiko amene ana ake amagwira khasu.

Gulu lachiwiri silikana kuti matendawa alipo, limangosiyana ndi madokotala pa gwero lake. Awa amalumbira kuti m'foni muli mizimu, kuti TikTok ndi chipata cha kumidima, kuti zonsezi ndi za masiku otsiriza. Ukafunsa kumene adazimva, amakutulutsira foni. Uthenga wa mawu wa mphindi 11, wochokera pagulu la WhatsApp la kumpingo, woyankhula wake palibe akumudziwa dzina koma aliyense akuti ndi dokotala wamkulu wa ku America, ndipo kumapeto akuti uutumize kwa anthu 10 usanagone. Ndi omwewa amene mu 2020 adatiuza kuti Covid-19 ikuyenda ndi nsanja za netiweki. Sitiwaseka kwambiri, poti ena a ife tidautumizadi uthenga uja, kuchitira kuti mwina. Ndipo mlaliki amene amadzudzula Facebook mwaukali kuposa onse amaidzudzulira pa Facebook pomwepo, mnyamata wa kwaya atagwira foni kuti a ku Joni nawo aone, nambala ya chopereka ikuyenda m'munsi mwa chithunzi.

Pali ena ofatsa amene amati tisamanamizire foni, chimene chimapengetsa anyamata ndi chamba basi, ndipo aliyense amadziwa wina amene "adapita ku Zomba". Anthu a ku Zomba adatopa nafe. Mzinda uli ndi phiri lokongola, uli ndi yunivesite, udali likulu la dziko mpaka 1975, koma ife tikati "ku Zomba" timatanthauza chipatala chimodzi chokha, cha matenda a misala. Pamenepa ndi pamene chiyankhulo chathu cha m'tauni chimapunduka. Tili ndi mawu a munthu wabwinobwino, tili ndi mawu a munthu wotola mapepala pamsika, koma pakati pa awiriwa pali chigwa chachikulu chopanda dzina, ndipo ana ambiri amene tikuwakanganirawa ali m'chigwa chimenecho. Kusukulu amapita, kusamba amasamba, moni amapereka atagwada, koma m'kati mwaphwa. Ndiye anawo adakabwereka mayina pafoni pomwepo. Lero mwana wa Fomu 2 amakuuza kuti ali ndi "stress", wina "depression", wina "anxiety", ndipo azakhali amayankha kuti matenda a Chingerezi amachira ndi mankhwala a Chichewa, uku akufunafuna patapata.

Ena amati anawa akungotola mawu, kuti wokanidwa ndi chibwenzi Lachiwiri amakhala ndi "depression" pofika Lachitatu n'kuchira Loweruka kukakhala phwando. Alipodi otero. Koma mwana wonamizira mutu kuti ajombe kusukulu sadachititse kuti malungo akhale bodza.

Achinyamata nawo sakhala chete, ndipo akayamba kudziteteza umachita kusowa polowera. Amati foni ndi imene ikutigwira kuti tisapenge. Munthu adamaliza sukulu, satifiketi ili m'sutikesi chaka chachitatu, makalata ofunsira ntchito adamuthera nsapato ziwiri pakati pa Old Town ndi City Centre. Mukufuna azikhala akuyang'ana khoma? Pa sitetasi ya WhatsApp ndi pamene pali shopu yake: nsapato za pakaunjika, zitenje, mafuta onunkhira, nkhuku zoyera. Pagulu la kalasi ndi pamene pamayenda manotsi ndi mapepala akale a mayeso a MSCE. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020, amene kunyumba kwawo kudali foni yamakono adapitirizako pang'ono, amene kudalibe adangokhala. Ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, m'mawa mwake dziko lonse lidadzuka likutumizirana zithunzi zoseka umphawi wake womwe. Amenewonso ndi mankhwala, amatero anawo, ndipo safuna kuima pamzere kuchipatala.

Tikadawapatsa chigamulo pomwepa kukadapanda nkhani ya tulo. Mwana yemweyo amene masana amatiuza kuti foni ndi shopu, 2 koloko usiku nkhope yake ikuwala pansi pa bulangete ngati mbaula. Akugulitsa nsapato kwa ndani nthawi imeneyo? Amati bandulo ya usiku ndi yotchipa, ndipo kuisiya kuti ithe yokha n'kuwononga ndalama. Mfundo ya zachuma yomveka ndithu, yochokera kwa munthu amene mawa lake aziwodzera pa phunziro la masamu. Pa zonse zimene timakangana, iyi yokha ndi imene agogo, aphunzitsi, abusa ndi madokotala amagwirizana: mutu wosagona umakwiya msanga, umaiwala msanga, ndipo chulu umachiona ngati phiri la Mulanje. Sikuti anawa ndi ofooka kuposa ife. Zimene tidakula nazo ife zinali ndi mathero. Masewera a bawo amatha, nyuzipepala imatha, sewero la pawailesi limatha n'kutiuza kuti tikumane sabata yamawa, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino idangoyamba mu 1999. Nsima ikatha m'mbale munthu amasamba m'manja. Koma mbale ya pafoniyi adaiumba dala kuti pansi pake pasamaoneke: ukangosuntha chala, mtanda wina wafika kale, ndipo makina ake amaphunzira ndiwo zimene umakonda. Katswiri amene adayambitsa kachitidwe kameneka mu 2006, Aza Raskin, adadzanena poyera kuti akunong'oneza bondo. Ku China, kwawo kwa TikTok, mtundu wake wa kumeneko wotchedwa Douyin umalola ana osakwana zaka 14 mphindi 40 zokha patsiku. Wophika akamamuyezera mwana wake chakudya chimene ife akutigulitsa chodzaza mbale, kudabwako pang'ono si mlandu.

Ku saluni nkhani imene imatentha ndi ya nsanje. Kumeneko amati matenda enieni ndi kuona. Kale munthu akapita ku Wenela kapena ku Theba ankatha zaka ziwiri osaoneka, n'kubwera ndi njinga, wailesi ndi jekete. Mudzi wonse unkachita nsanje sabata imodzi, jekete n'kusuluka, moyo n'kupitirira. Lero nsanje imafika m'mawa uliwonse usanasukusule. Mnzako wa kalasi imodzi ali ku Joni patsinde pa nyumba yosanja, wina ali ku Salima mapazi ali m'madzi, wina watsamira galimoto pa Gateway Mall makiyi ali m'manja. Iwe uli pamkeka, ndiwo za dzulo zinali bonya, za lero sizinadziwike. Tonse timadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Timadziwa kuti galimoto ija mwini wake anali m'kati akugula zinthu, kuti makiyi aja ndi a loko wa kubafa, kuti deresi lija ndi lobwereka ndipo madzulo lidabwezedwa, kuti wa ku Joni uja amagona anthu 6 chipinda chimodzi ndipo akaona galimoto ya polisi mtima umagunda kukhosi. Timadziwa chifukwa zithunzi zina tidajambula ndife. Chodabwitsa n'chakuti kudziwako sikuchiritsa. Mtima umawawabe, ngati wa munthu wolira ndi filimu ya ku Nigeria akudziwa bwino lomwe kuti womwalirayo mawa aonekanso mu filimu ina.

Atsikana ndi amene ali pampanipani weniweni. Kwathu kuno "wanenepa" chinali chiyamikiro, ndipo ukaonda azakhali amakukokera pambali kukufunsa ngati wakayezetsa. Foni ikuti mimba iphwe, khungu liyere, nkhope isalale ngati dzira, ndipo ili ndi batani lochitira zonsezo nthawi imodzi. Mwana amadzijambula, batani n'kumuyeretsa, anthu n'kukonda munthu amene pagalasi palibe. Ena amati zimenezi ndi za azungu. Kwa azunguko zidafikadi pabwalo lalikulu: mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, adatulutsa zikalata zoonetsa kuti kampaniyo idafufuza yokha n'kupeza kuti Instagram imawonjezera kudzida kwa atsikana ena pa za matupi awo, ndipo adakaikira umboni ku nyumba ya malamulo ya America. Koma onena za azunguwo akazungulireko mumsika aone mmene mafuta oyeretsa khungu akuyendera malonda. Amayi akuluakulu apa amatsokomola n'kuyang'ana kumbali, poti mafuta a Ambi adawadziwa foni isanabadwe.

Anyamata amaseka atsikana pa za zithunzi, koma nawo ali ndi kandege kawo ka juga. Kamauluka pafoni ndalama ikukwera nako, ndipo ukachedwa kutsika kamapita ndi fizi ya teremu yonse. Wowina mmodzi amaika umboni pa sitetasi kuti tauni yonse ione. Oluza, miyandamiyanda, amakhala duu, aliyense akudziona ngati chitsiru chokhacho m'dziko. Ndiye pali tizizindikiro tiwiri ta buluu timene WhatsApp idatibweretsera mu 2014. Kale kalata ya chibwenzi inkayenda masabata awiri, ndipo ukapanda kuyankhidwa unkanamizira a positi. Lero umaona ndi maso ako kuti wawerenga 8:14, kuti 8:40 adakali pa intaneti, ndipo amene akumuyankhayo si iwe. Pali anyamata amene aonda ndi tizizindikiro timeneti kuposa ndi malungo.

Pali mbali imodzi imene kuseka kumatithera. Miseche ya pamjigo inkafera pamjigo pomwepo, ikapita patali ndi kutchalitchi Lamulungu. Lero chithunzi chimene mtsikana adatumizira munthu mmodzi amene ankamukhulupirira chimafika ku Karonga ndi ku Nsanje dzuwa lisanalowe. Timangomva kuti "zatuluka". Tauni yonse imadzudzula, ndipo tauni yonse yomweyo imalembera mnzake kumbali kuti, "Tanditumizireni ndione kuipa kwake." Abambo a ulemu wawo, amayi a ulemu wawo, tonse. Mtsikanayo amasiya sukulu, amamusamutsira kwa amalume kumudzi, ena amafika poganiza zochotsa moyo wawo. Mnyamata amene adayamba kutumiza amapitiriza kumwa tiyi. Lamulo lilipo, la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo limaletsa kuzunza munthu kudzera pa intaneti. Ena amati limaluma msanga wonyoza akuluakulu kusiyana ndi wonyazitsa mwana wasukulu. Ena amati vuto ndi makolo amene sapita kupolisi poopa kuti nkhani ikula. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Chimene sitidamvepo ndi munthu woimirira pagulu n'kuvomera kuti chala chimene chidatumiza chinali chake. Apa foni ikadakhala ndi pakamwa ikadapempha kuti mboni zina zisunthe, zidzakhale nayo kumbali ya oimbidwa mlandu.

Nanga tichite chiyani? Apa mfundo zimagwa ngati mango a mu Disembala. Omvera nkhani zakunja amati titengere Australia, imene mu Novembala 2024 idakhazikitsa lamulo loletsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pamasamba a mchezo, n'kuyamba kuligwiritsa ntchito mu Disembala 2025. Ena amangoseka. Aletse ndani? Mwana amene mukufuna kumuletsayo ndi amene adakutsegulirani Facebook, ndi amene amadziwa nambala yachinsinsi ya Mpamba wanu, ndi amene mumamuitana foni ikangoti zii. Makampaniwo amati munthu akhale wa zaka 13, ndipo chifukwa cha lamulo limenelo ana a Sitandade 7 m'dziko muno pa Facebook amalemba kuti adabadwa mu 1990. Ena amati ingomulandani. Adayesapo ambiri, koma khoswe wakhala pamkhate: m'foni momwemo ndi mmene mumadzera ndalama ya fizi yochokera kwa achimwene ake ku Joni, uthenga wa maliro akumudzi ndi homuweki. Enanso, a nthabwala zowawa, amati ku Malawi kuno sikufunika lamulo la ku Australia, poti mtengo wa bandulo ndi kuthimathima kwa magetsi zikugwira kale ntchitoyo mwaulere.

Nthabwala imeneyi ili ndi minga. Kalembera wa 2018 adapeza kuti tidalipo 17.5 miliyoni, theka ndi ana osakwana zaka 18, ndipo ambiri ali kumudzi, kumene foni ya banja lonse ndi kamodzi ka mabatani kokatchajitsa pagolosale. Kodi ana amenewo mitima yawo ili m'malo? Amene adasiya sukulu chifukwa cha fizi, amene akukakamizidwa banja, amene adaona matope a namondwe Freddy akukokolola nyumba ndi abale mu Malichi 2023, alibe TikTok yoti tiiloze chala. Ngakhale ophunzira akunja amene amalipidwa kuti afufuze nkhaniyi sadamvane. Ena akuti foni ndi imene imadwalitsa mwana, ena akuti mwana wovutika kale ndi amene amathawira m'foni. Mkangano umenewu ife tidauzolowera pa mowa: kodi mowa ndiwo udabweretsa mavuto, kapena mavuto ndiwo adamutengera munthu ku mowa? Aliyense amene adakhalapo nyumba imodzi ndi chidakwa amadziwa kuti ziwirizi zimaperekezana.

Thandizo lilipo, ngakhale ndi lochepa ngati nyama ya pa ukwati wa anthu ambiri. Kupatula chipatala cha ku Zomba chija, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuno, ndipo mwana akhoza kuimba 116 mwaulere n'kuyankhula ndi munthu. Inde, pafoni yomweyo. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala onga iye ndi owerengeka, adaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene Ashona amati ali ndi kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira muyezo. Ntchito imeneyi, Friendship Bench, idafika ndi kuno komwe. Ikakambidwa pachigayo amayi amaomba m'manja: si zimene tinkachita kale izi, mtsikana kukagona kwa agogo n'kuwauza zimene sangauze amayi ake? Zoonadi. Kungoti agogowo tidawasiya ku Ntchisi, timawatumizira ya sopo pa Airtel Money, ndipo mdzukulu akawaimbira amakambirana za mvula mayunitsi n'kutha.

Ikumveka nkhani ina masiku ano. Ena akuti idachitikira ku Chinsapo, ena akulumbira kuti ndi ku Biwi kwa aneba a msuweni wawo. Akuti magetsi adathima kuyambira m'mawa, pofika madzulo mafoni onse m'nyumbamo anali atafa, ndipo banja lonse lidapezeka pakhonde, koyamba chaka chino, likuyang'anana ngati alendo a padepoti. Bambo adaona kuti mpata ndi umenewu. Adayamba ndi mmene ankayendera wapansi popita kusukulu, adadzera pa khasu, adakafika ku Australia. Atapumira kuti ameze mate, mwana wawo wamkazi wa Fomu 3, amene miyezi itatu yapitayi wakhala akudya pang'ono n'kumadzitsekera kuchipinda, adakweza mutu n'kunena motsitsa, "Adadi, pali nkhani ina ya kusukulu imene ndimafuna ndikuuzeni."

Nthawi yomweyo babu lidathwanima, ana a m'dera lonse n'kukuwa, "Ayaka! Ayaka!" Soketi yabwino m'nyumbamo ndi imodzi. Pa za amene adayamba kufika pasoketiyo tchaja ili m'manja, mboni zonse zikugwirizana. Pamene zikusiyana ndi apa: ena akuti bambowo adabwerera pakhonde foni itangoyamba kutchaja, ena akuti adadzafunsa m'mawa mwake, mwanayo n'kuyankha kuti, "Palibe, Adadi, ndili bho." Amene amandiuza ine sanamalize, foni yawo inalira.